Ndani Atenge Soseji?

Lolemba

Loji yatsekedwa. A Mwanza, amanejala athu, atiuza m'mawa uno ataima patali, masiki ili pachibwano. "Alendo kulibe. Eni ake ati titseke mpaka matendawa adzathe." Nyumba za antchito nazo tituluke pofika Lamulungu. Pakhala mlonda yekha ndi maloko.

Ine wophika. Manje ndiphikile ndani?

Kokhala ndapeza kale. Amai Daka, mnzanga wa ku kwaya, telala wa kuseli kwa msika. Ali ndi kachipinda kosungila nsalu kumbuyo kwa shopu. Masiku ano akusoka mamasiki usana wonse, ati ndiziwathandiza kudula lasitiki ndi kusita. Mau ao: "Iwe bwela, ndi mapoto ako omwe. Koma galu, awe."

Galuyo ndi Soseji.

Ndinamtola chaka chatha m'ngalande kuseli kwa khichini, ali kanthu kokwana m'thumba la epuloni, konyowa, kolila. Dzina anampatsa ndi mawetala, tsiku limene anaba soseji pa mbale ya mlendo. Lelo ndi chigalu cha miyendo italiitali, khutu limodzi loima, lina logwa. Chaka sanakwanitse. Kuyenda sadziwa, amangothamanga.

Ndafunsa a Mwanza ngati angatsale ndi mlonda. Yankho: "Eni ake ati chilichonse chimene chimadya chichoke."

Chabwino. Ndimpezela nyumba sabata ino. Nyumbayo ikhale:

- ya mpanda
- ya anthu osamenya galu
- yopanda nkhuku (chifukwa chake ndikuchidziwa ine)
- yapafupi, kuti ndizikamuona potuluka ku tchalitchi, tchalitchi chikadzatsegulidwa

Si zovuta. Anthu ofuna galu ndi ambili, ndipo uyu ndi wokongola. Pofika Lachitatu nkhani yatha.

Ndikuyesa kumjambula kuti nditumize ku gulu la kwaya pa foni. Chithunzi choyamba, mchila. Chachiwili, fumbi. Chachitatu, m'kamwa mwake muli chala changa. Ndatumiza cha mchila.

Lachiwili

A Sakala a shopu ya zomangila ayankha! Akufuna galu wa ulonda, ati akuba achuluka chiyambileni anthu kukhala manja lende. Mpanda wa njelwa ali nao, geti yachitsulo, nkhuku alibe. Ndi pafupi, kuseli kwa siteshoni.

Ndamsambitsa ndi sopo wanga wonunkhila. Watuluka m'beseni, wakagubuduka pa phulusa. Ndamsambitsanso.

Tafika. A Sakala akumuyang'ana mano ngati akugula ng'ombe. "Amaluma?" Ine: "Akakwiya." Sindinamuonepo atakwiya.

Ati timuyese. Auza mlamu wao, bambo wojintcha, avale chipewa ndi masiki, adumphe mpanda wa kumbuyo atanyamula thumba ngati wakuba. Ife tabisala pakhonde.

Zimene Soseji wachita:

- wamva kugwa kwa munthu, makutu onse awili tswii! Mtima wanga wakondwa
- wathamanga, fumbi koboo
- wamudumphila pachifuwa, mlamu wagwa chagada pa mulu wa mchenga
- wamunyambita kumaso mpaka masiki yachoka
- wabwelela pakhonde, watola patapata ya a Sakala, wakampatsa wakubayo

A Sakala atuluka pobisalapo. Kenako: "Amai, uyu si mlonda. Uyu ni wolandila alendo."

Sakunama. Wakulila pa loji. Kwa iye munthu aliyense wolowa ndi thumba ndi mlendo, ndipo mlendo amasiya mafupa pa mbale.

Patapata tabweza. Lamba wake wina kulibe.

Madzulo pa loji pali zii. Mawetala apita kale kwao. Mipando ya panja yaikidwa chozondoka pa matebulo. Galimoto ikangomveka ku msewu, Soseji akuthamangila ku geti, mchila pukupuku, kudikila. Galimoto ikupitilila. Akubwelela, akundiyang'ana ngati ine ndiye ndathamangitsa alendo.

Mawa, kapena mailo monga timanenela kuno, ndi tsiku lina. Amai ena a ku Minga atumiza uthenga.

Lachitatu

Amai Njobvu. Mphunzitsi wopuma ntchito, amasiye, amakhala okha. Ku Minga si pafupi, koma si kutali kwenikweni. Mau akuti "yapafupi" ndawafufuta pang'ono.

Kondakitala wa minibasi: "Anthu tikutenga ochepa, manje tiyambe kutenga agalu?" Wa njinga yamoto woyamba wangoseka. Wachiwili walola. Soseji pakati, ine kumbuyo, ndamukumbatila ngati thumba la ufa. Wauwa ng'ombe iliyonse ya m'njila. Pafupi ndi Minga wasanzila pamsana pa mwini njinga. Ndapepesa, ndapukuta ndi chitenje changa.

Pa geti ya amai Njobvu pali ndowa ya kampopi yosambila m'manja. Ndisanatsegule kampopi, ndowa ili pansi, madzi akuyenda, sopo ali m'kamwa mwa galu. Ndati basi, zatha.

Koma iwo akuseka! Akuseka mpaka kugwila chipupa. "Mwanawe, chilekeleni adzukulu kubwela kuno, sindinasekepo."

Pabwalo pali mango, magwafa, mthunzi, mpanda wa minga wothithikana. Nkhuku palibe. Soseji wazungulila nyumba mothamanga mpaka lilime panja, kenako wabwela, wagoneka mutu pa mapazi ao. Sanachitepo zimenezi kwa munthu wina kupatula ine. Kanthu kandilasa m'chifuwa, koma ndamwetulila. Mwamwayi masiki imabisa.

Tamwa tiyi ndi kandolo, mbatata yowilitsa, titakhala motalikilana. Ndawauza zonse: amaopa bingu, amakonda kukandidwa kuseli kwa khutu logwalo, nsapato zisamagone panja. Akulemba kumbuyo kwa kalendala. Anthu otele alipo pa dziko!

Ndamsiya. Ndatuluka akutafuna khoko la kandolo, sanandione.

Ndikuyenda kupita ku msewu. Ndikulila. Masiki yanyowa, yamatila pamphuno. Amai ena pa mjigo akundiyang'ana, akunong'onezana, akusuntha ndowa zao. Munthu wofwenkha mphuno masiku ano ndi woopsa kuposa njoka.

Ndisanafike pa msewu, foni. Amai Njobvu.

Mwana wao wa ku Lusaka waimba. Wamva kuuwa. Ati anawelenga pa foni kuti agalu amanyamula kolona mu ubweya. Amai ake ali ndi shuga. Walila, wakalipa, wati akapanda kuchotsa galuyo akwela basi lelo lomwe.

"Ine sindikhulupilila zimenezo," akutelo. "Koma akabwela kuchokela ku Lusaka, ndiye adzanibweletsela matenda enieni. Pepani, mwananga."

Ndabwelela. Andipatsa kandolo wotsala m'pepala. Maso ao ofiila. Sitinayang'anane.

Ndalila pachabe. Misozi yonse ija iyenela kubwelezedwa tsiku lina.

Wa njinga wati pobwelela galu akhale kumbuyo kwanga. Wasanzila ine.

Lachinayi

Kuzizila. Mphepo ya m'mawa ikulowa pansi pa chitseko.

A Mwanza abwela kudzatseka khichini. Atenga makiyi anga. Ndapempha kulowa komaliza, ndapukuta sitovu yoyela kale. Mpeni wanga wodulila nyama ndi wa loji, watsala. Dzanja langa lokha likudziwa pamene chigwililo chake chinasweka.

Zotsala za mu fuliji zatha. Ndamphikila Soseji gaga. Wanunkhiza. Wandiyang'ana. Wanunkhizanso. Wakhala pansi, waika mwendo umodzi pa bondo langa, ngati kasitomala wofuna kuona amanejala.

Kulongedza:

- mapoto
- matilesi
- yunifolomu ya kwaya
- masiki yanga ya buluu (ili m'mimba mwa galu, lamba wokha ndiye ndampeza)

Masana kwabwela a Mumba. Amva kwa mlonda. Amasaka mbewa ndi nyama zing'onozing'ono kumapili. Abwela ndi agalu ao, osamanga, akuyenda kumbuyo mitu pansi. Nthiti zonse panja. Mmodzi khutu linang'ambika. A Mumba atangokweza dzanja kuti akande mutu, onse agwada pansi.

Soseji wawabweletsela chitsononkho kuti asewele. Palibe wachiyang'ana.

A Mumba akumugwila ntchafu. "Miyendo ni yabwino. Koma wanenepa. Masiku oyamba sinimpatsa kanthu, aphunzile."

Ndati pepani, wina anamulonjeza kale. Afunsa ndani. Ndati a m'boma. Apita akung'ung'udza kuti ndawayendetsa pachabe.

Ndiye lelo wokana ndine. Munthu wopanda nyumba, wopanda ntchito, kukana.

Mlonda, a Banda, akundilangiza akuwotha dzuwa: "Amai, musavutike. Pitani naye ku msewu waukulu, mumusiye. Wina adzamtola." Ku msewu waukulu, kumene malole a ku Chipata amadutsa osachepetsa liwilo! Galu amene amathamangila galimoto iliyonse kukaipatsa moni! Ndapitiliza kulongedza. A Banda si munthu woipa. Nawonso ali ndi pakamwa pambili podyetsa.

Zofunika pa nyumba ya Soseji tsopano:

- ya anthu osamenya galu

Basi.

Gaga wadya dzuwa litapendeka, pang'onopang'ono, akundiyang'ana pa kumeza kulikonse.

Lachisanu

Ku gulu la kwaya palibe wayankhanso. Mmodzi yekha watumiza pemphelo ndi chithunzi cha kandulo.

Nzelu yatsopano: amai Daka sanamuonepo bwino. Akamuona adzasintha mtima. Adzagona panja, womanga, sadzalowa m'shopu. Ndawapempha pa foni mpaka atopa. "Bwela naye, nimuone. Kuona chabe."

Ndamthamangitsa kaye kuzungulila loji kuti mphamvu zithe. Zatha ndi zanga.

Msika uli theka. Matebulo ambili ndi opanda kanthu. Aliyense ali ndi kansalu pakamwa, ena pachibwano, bambo wina pachipumi. Amai Daka ali pa makina, mwendo sukupuma. Pambali pao dengu lodzaza mamasiki osoka kale, osita, a oda yopeleka madzulo ano.

Soseji wakhala pansi. Wakhala! Ngati mwana wa ubatizo. Amai Daka amuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mm. Si woipa nkhope." Ndamasula dzanja pa chingwe kuti ndilandile kapu ya tiyi.

Nsonga ya lasitiki ikulendewela pa tebulo. Mphepo yaigwedeza.

Sindikufuna kulemba. Koma ndilembe.

- wailuma, watuluka
- mpukutu ukuzungulila pa msomali, fwii, fwii, lasitiki ikupita
- chingwe chake chakola dengu, dengu lamtsatila
- mamasiki mbwee! m'fumbi, m'matope a pa mpopi, ina pa nyanga ya njinga
- wazungulila tebulo la amai a tomato, tebulo lagwa
- bambo wina wa njinga wakodwa mu lasitiki, watsika mosafuna
- msika wonse ukukuwa, iye akuganiza kuti tonse tikusewela naye

Wabwelela yekha, mchila m'mwamba, kudzaika nsonga ya lasitiki pa mapazi a amai Daka.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Atsika pa mpando, ayamba kutola mamasiki imodziimodzi, kukung'untha fumbi. Kenako, osandiyang'ana: "Ana anga akudya kuchokela pa makina awa. Amuna anga chitsekeleni mabala a mowa sanagwilepo ntchito."

Masana onse ndachapa mamasiki, kuyanika, kusita. Ndakulunga lasitiki yonyowa ndi malovu. Ndatola tomato, wophwanyika ndamtenga ine. Oda yapita mochedwa.

Potsazikana: "Chipinda chikali chako. Siinasinthe nkhani. Koma ubwele wekha."

Panjila sindinamulankhule. Iye sakudziwa kanthu. Wapeza chipepala, akuchiponya m'mwamba.

Loweluka

Mutu ukuwawa. Ndadziyesa pachipumi, ndanunkhiza sopo kuti ndione ngati mphuno ikugwila. Ikugwila. Ndi kulila chabe.

Chapakati pa m'mawa, hutala pa geti. Galimoto ya katundu, Kanta yafumbi. Akutsika amalume anga, a Tembo a ku Ndake, mlongo wa malemu amai. Abwela ndi a Zulu, mnansi wao mwini galimoto, kudzagulitsa mbuzi. Masiki ya amalume ndi mpango wamaluwa wa akazi ao, azakhali anga.

"Uli tyani, iwe mwana? Tamva kuti mahotela atseka. Foni ulibe?"

Sindinawauze. Ndimati ndiwauze zikakhala bwino.

Soseji wawadumphila, chipewa chagwa, wachitenga, wathawa nacho. Amalume aima, akumutsata ndi maso mpaka kuseli kwa nyumba ndi kubwelela. "Liwilo limenelo! Wa ndani?"

Ati galu wao anafa ndi ukalamba. Anyani akutha chimanga pa mkukwe, azakhali atopa kuimba zitini. Ndawauza zoona: saluma, sauwa akuba, amapatsa anthu nsapato. "Anyani safuna kulumidwa. Afuna kuthamangitsidwa. Uyu angathamangitse mpaka mthunzi."

Nkhuku ali nazo. Mpanda alibe. Ndake ndi kutali, kupitilila Nyimba. Koma amalume sanamenyepo ngakhale ng'ombe ya pa ngolo.

Ndavomela kuti amtenge. Ndayamba kufotokoza: bingu, khutu, nkhupakupa, gaga akhale wofunda, nkhuku zitsekeledwe masiku oyamba, asamangidwe padzuwa, akamalila usamukalipile...

"Zonsezo achite ndani? Azakhali ako miyendo yatupa. Bwela uzichita wekha. Nyumba ya amai ako ikali chiimile, denga chabe ndilo lofuna kukonza. Thonje nalo laphulika, otola kulibe."

Ndati ayi. Ayi ndithu! Ndinachoka ku Ndake banja litatha, ndi kathumba kamodzi, ndikulumbila kuti zala zanga sizidzalaswanso ndi makoko a thonje. Bambo uja akali tsidya la mtsinje ndi mkazi wake watsopano. Ndikabwelele ndi matilesi pamutu, onse aone? Ine amene ndaphikila alendo ovala mataye? Ndili ndi chipinda m'tauni. Matendawa adzatha.

Amalume sanalimbikile. "Chabwino."

Tamkweza kumbuyo, tamanga chingwe pa chitsulo. Ndampatsa epuloni yanga yakale kuti azigonapo. Kanta yatuluka. Ndatseka geti. Ndakhala pa sitepe.

Zatheka. Ndimafuna zimenezi sabata yonse. Bwanji ndikulephela kuimilila?

Tiyi asanazizile, kukanda pa geti.

Ali panja. Chingwe chodukaduka m'khosi, wachitafuna. Phewa lasupuka, mwendo wa kutsogolo sakupondela. Epuloni ili m'kamwa. Wadumpha galimoto ikuyenda.

Mchila ukali kugwedezeka. Chitsilu cha galu!

Ndatsuka bala ndi madzi a mchele. Akunjenjemela, koma sanalile. Ine ndiye.

Kanta yabwelela pambuyo pake. Amalume ayang'ana galu, ayang'ana ine. "Tigona kwa mnzanga ku maliketi. Mailo m'mawa tidzaima pa geti. Okwela akwele."

Lamulungu

Belu la tchalitchi silikulila. Ndapemphela ndekha, chiimilile, pakati pa makatoni.

Makiyi a nyumba ndapatsa a Banda. Ndaimbila amai Daka. Afunsa: "Chifukwa cha galu?" Ndati inde. Ati ndilibe nzelu. Pang'ono pokha abwela okha pa geti, wefuwefu, ndi kapepala ka mamasiki. "Ukapatse azakhali ako. Matenda akatha ubwele." Sitinakumbatilane. Tangogundana zigongono ngati mbuzi.

Matenda adzatha liti, palibe akudziwa. Loji ikadzatsegulidwa adzapeza wophika wina wapafupi. Ndikudziwa.

Mwendo wa Soseji watupa pang'ono, koma akupondela. A Zulu ati kumbuyo asakwelenso, angadumphe. Ndiye wakhala kutsogolo, pa mpando, pakati pa dalaivala ndi amalume. Malo anga atha.

Ine ndili kumbuyo. Ine, matilesi, mapoto, masaka opanda kanthu otolela thonje, ndi manyi a mbuzi za dzulo.

Tadutsa njila yokhotela ku Minga. Ndayang'ana kumbali ina.

Amalume atulutsa mutu pawindo, akukuwa kudutsa mphepo: azakhali akondwa, ati madzulo ano ndiphike ine, akufuna kulawa za ku hotela. Ndafunsa kuti kuli ndiwo yanji. "Nkhwani!"

Zolemba zakhota chifukwa cha mabampu. Mphepo ikuluma makutu. Nyimba yayandikila, kenako msewu wafumbi. Anthu akatiwona: wa ku tauni uja wabwela, galu wake pa mpando, iye pa katundu.

Soseji wakwela pa miyendo ya amalume, mutu panja, lilime likuuluka. Malovu ake akubwela ndi mphepo, akugwela pa tsamba lino.

Mailo m'mawa, thonje.